Mkuwa wa pa magaleta a Aroma ndi agalu a alenje akale: mafunso ndi mayankho

M'nyumba zosungira zinthu zakale ku Naples, Cologne, Budapest, Sofia ndi London muli tizidutswa ta mkuwa tobiriwira ndi ukalamba. Kena n'kamutu ka chiwombankhanga, kena n'kanyalugwe kolumpha, kenanso n'kagalu kothamangitsa nyama. Pakapepala ka pambali pamalembedwa kuti tinachokera pa galeta la Aroma. Amene wationa, kaya ndi maso kapena pa intaneti, amakhala ndi mafunso, ndipo ambiri mwa mafunsowo amathera pa galu uja: akufunanji pagaleta?

Kodi magaleta amenewa anali ankhondo?

Ayi. Asilikali a Roma ankamenya nkhondo wapansi ndiponso ali pa akavalo. Julius Caesar atawolokera ku Britain m'chaka cha 55 BC anapeza eni dziko akumenyabe nkhondo ndi magaleta, ndipo analemba kuti asilikali ake anasokonezeka chifukwa kamenyedwe kotero kanali kachilendo kwa iwo.

Kwa Aroma galeta linali la zinthu zitatu: mpikisano, perete wa mtsogoleri wopambana nkhondo kapena wa milungu, ndi ulendo. Mkuwa wambiri umene mukuuona lero unachokera ku gulu lachitatuli, ngolo za anthu olemera zoyendera maulendo ataliatali. Ina inali cisium, ya magudumu awiri, yopepuka, ya munthu wofulumira. Ina inali raeda, ya magudumu anayi, yonyamula banja ndi katundu. Carpentum inali yofoleredwa ndipo inkadziwika ndi amayi olemekezeka, pamene carruca inali ya mabwana enieni, ina mpaka yogonamo. Owerenga Baibulo akumbukire nduna ya ku Ethiopia ya pa Machitidwe 8. Munthu amene akuwerenga buku ali m'galeta, n'kuitananso mlendo kuti akwere akhale naye, ali m'ngolo yaulendo.

Nanga a mpikisano, sanali okongoletsedwa?

Pang'ono chabe, chifukwa kulemera kunali mdani wa liwiro. Galeta la mpikisano linali kathabwa koimapo, kotchinga kofika m'mawondo, ndi magudumu awiri aang'ono. Kachifanizo kake kamkuwa kamene kanavuulidwa mumtsinje wa Tiber, kamene kali ku British Museum, kamasonyeza bwino kuchepa kwake. Woyendetsa ankadzimanga zingwe za akavalo m'chiuno, n'kupisa mpeni m'malamba a pachifuwa kuti galeta likagubuduzika adule zingwezo asanakhwekhwerezedwe.

Bwalo la mipikisano la Circus Maximus, mumzinda wa Roma, linali lotalika mamita oposa 600 ndipo munkalowa anthu pafupifupi 150,000. Matimu anali anayi, Ofiira, Oyera, Obiriwira ndi Abuluu, ndipo ankazungulira bwalo kasanu ndi kawiri. Woyendetsa galeta wina, Gaius Appuleius Diocles, wa ku Lusitania (kumene lero kuli Portugal ndi mbali ya Spain), anathamanga mipikisano 4,257 m'zaka 24 n'kupambana 1,462. Munthu wotero sakanalola kuti amupachikire mutu wa mkango wamkuwa pagaleta kuti aoneke bwino.

Zidutswa zamkuwazi zinkagwira ntchito yanji?

Zambiri zinali ndi ntchito yeniyeni, kukongola kunangokwera pamwamba pake. Pagoli pankakhala mphete zodutsamo zingwe zowongolera akavalo kuti zisapiringizane. Kunsonga kwa mtengo wautali wokokera ngolo ankavekako chisoti chamkuwa, kawirikawiri mutu wa nyama, kuti mtengowo usang'ambike. Kumapeto kwa mtanda wa magudumu kunkalowa chikhomo chachitsulo chotchinga gudumu kuti lisaguluke, ndipo mutu wa chikhomocho nthawi zina unali wamkuwa. Panalinso zogwirira, zotchinga m'makona, ndi timitu ta milungu tokhomedwa m'mbali.

Koma chidutswa chofunika kuchiyang'anitsitsa ndi ichi. Ndi chibowo chamkuwa chonga kapu yozondoka, pamwamba pali mutu wa chiwombankhanga kapena wa munthu, ndipo m'mbali mwatuluka chokowera chimodzi kapena ziwiri zopindikira m'mwamba, zoumbidwa ngati khosi la tsekwe, mutu wa njoka kapena chala cha munthu. Ochiona koyamba amati n'chokongoletsera basi. Chibowocho chinkavekedwa pansonga ya mtengo wolimba woimirira pafupi ndi gudumu. Pachokowera chija ankakolekapo malamba achikopa kapena zingwe, ndipo bokosi lonse lokhalamo anthu linkalendewera pa malambawo, osakhala mwachindunji pamtanda wa magudumu. Gudumu likagunda mwala, bokosi linkangogwedera pang'ono. Amene anakwerapo ngolo ya ng'ombe pamsewu wa mabampu, mano akugundana, amvetsa phindu la nzeru imeneyi, makamaka pokumbukira kuti magudumu a Aroma anali ndi mkombero wachitsulo ndipo misewu ikuluikulu inali yoyala miyala. Ku Römisch-Germanisches Museum ku Cologne anamanganso ngolo yotere ndi matabwa atsopano, pogwiritsa ntchito mkuwa weniweni umene unapezeka m'chigwa cha mtsinje wa Vardar ku Macedonia.

Pazamagaleta Aroma anaphunzira zambiri kwa anthu a ku Gaul, dera limene mbali yake yaikulu lero ndi France. Wolemba mabuku wachiroma Pliny wamkulu analemba kuti anthu a kumeneko ndiwo anatulukira kukuta mkuwa ndi tini, mtundu wa chitsulo chofewa choyera, kuti uziwala ngati siliva, ndi kuti m'tauni ya Alesia anayamba kukuta zokometsera za akavalo ndi siliva weniweni.

Ankaziumba bwanji?

Mkuwa wake unali wosakaniza: magawo ambiri mkuwa weniweni, tini pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi, ndipo pazoumba ankathiramo mtovu kuti ukasungunuka uziyenda bwino mpaka m'timakona. Nthawi zina ankasakaniza ndi zinki, n'kutuluka wachikasu ngati golide. Migodi ya mkuwa inali ku Cyprus, ku Spain ndi ku Faynan m'dziko limene lero ndi Jordan. Tini ankachokera ku Iberia ndi kum'mwera chakumadzulo kwa Britain.

Mmisiri ankayamba ndi phula. Ankaumba galu kapena nyalugwe wa phula, ndi makutu, nthiti, zala, zonse. Ngati chinthucho chiyenera kukhala ndi mphako, phulalo ankalimata pa chibuma cha dongo. Kenako ankakuta zonse ndi dongo lina, n'kusiya timabowo. Akaotcha, phula linkasungunuka n'kutuluka, m'kati n'kutsala mpata wofanana ndendende ndi galu uja. M'menemo ndimo ankathiramo mkuwa wamoto. Ukazizira ankaswa dongo, n'kupala, n'kusema ubweya ndi maso ndi kachitsulo kakuthwa. Poti chikombole chinkasweka, palibe ziwiri zimene zinkafanana kotheratu, ngakhale zopangidwira ngolo imodzi.

Ndipo musaganize kuti zinali zobiriwira. Zatsopano zinkanyezimira padzuwa. Kubiriwirako n'kwa zaka za m'nthaka.

Matabwa anaola kalekale. Akatswiri amadziwa bwanji pamene chidutswa chilichonse chinkakhala?

Amadalira malo ochepa kumene ngolo inakwiririka yathunthu, chilichonse chili pamalo pake.

Amodzi ndi ku Civita Giuliana, nyumba yaikulu ya kumunda kumpoto kwa Pompeii, imene inakwiriridwa ndi phulusa la phiri la Vesuvius m'chaka cha 79 AD. Mu February 2021 ofukula analengeza kuti apezako ngolo ya magudumu anayi, pakhonde loyang'anizana ndi khola limene mu 2018 munapezeka akavalo. Pamene matabwa ndi zingwe zinaola, m'phulusa lolimba munatsala mphako, ndipo anathiramo pulasitala kuti maonekedwe ake atuluke. Kumbuyo kwa ngoloyo kuli zozokota zozungulira za amuna ndi akazi ali m'chikondi, zimene zinachititsa ambiri kuganiza kuti inali ya miyambo ndi maukwati. Akuba anali atakumba ngalande zapansi m'mbali mwake, koma anaiphonya.

Malo ena ndi manda. M'zigawo za Thrace ndi Pannonia, kumene lero kuli Bulgaria, kumpoto kwa Greece, Hungary ndi Croatia, mabanja olemera a eni dziko ankaika maliro ndi ngolo ndi akavalo omwe. Pamtumbira wa Mikri Doxipara ku Greece panapezeka ngolo zisanu. Ku Stari Jankovci ku Croatia, mu 2019, kunapezeka ya magudumu awiri ndi mafupa a akavalo awiri. Mwambo umenewu sunali wa mumzinda wa Roma. Unali wa mafumu a m'zigawo amene anatengera katundu wa Aroma koma osasiya maliro a makolo awo.

Tsono galu akulowa bwanji m'nkhaniyi?

Akulowa pawiri. Poyamba ali pamkuwa penipenipo. Kunena zoona, si iye amene amapezeka kwambiri. Zochuluka ndi za Bacchus, mulungu wa vinyo, ndi anyalugwe ake, kenako mikango ndi ziwombankhanga. Koma zithunzi za usaki zinali paliponse m'moyo wa Aroma, ndipo galu sankasowapo: pazigwiriro za mipeni yopinda pamene galu wamkuwa akuthamangitsa kalulu, pamakapu adongo a ku Nene Valley ku Britain, pazithunzi za timiyala zoyalidwa pansi m'nyumba ya Villa del Casale ku Sicily, ndi m'munda wa nyumba ina ya ku Pompeii mmene munali nguluwe yamkuwa itazingidwa ndi agalu awiri, imene tsopano ili ku Naples.

Kachiwiri ali m'manda momwemo. Mu 2008, pafupi ndi mudzi wa Karanovo ku Bulgaria, anafukula ngolo ya magudumu anayi yokongoletsedwa ndi mkuwa, pamodzi ndi mafupa a akavalo awiri ndi a galu. M'manda ena a ku Pannonia agalu amapezekanso pambali pa akavalo.

Kuona kwanga, ngolo ndi galu zinkanena chinthu chimodzi. Mwini wake ali ndi minda yoti aiyendere, nkhalango yoti asakemo, antchito omusamalira ziweto, ndi nthawi yocheza. Wosauka naye ankasaka, ndi misampha ndi ulimbo, kuti apeze ndiwo, koma palibe amene anamuumbira galu wamkuwa.

Kodi ankasaka ali pagaleta?

Aroma ndi Agiriki a m'nthawi yawo ayi. Amene ankatero ndi mafumu akale kwambiri. Pachikupizo chagolide cha Tutankhamun wa ku Egypt pali chithunzi chake ali pagaleta akulasa nthiwatiwa, galu akuthamanga pambali. Pazosema za ku Nineveh za cha m'ma 645 BC, mfumu Ashurbanipal akupha mikango ali pagaleta, ndipo m'mphepete mwa bwalo mwaima amuna ogwira agalu akuluakulu. Bwana wachiroma ngolo inkangomufikitsa kumunda. Akafika ankatsika n'kukwera kavalo kapena kuyenda pansi.

Usaki wachigiriki anaufotokoza mwatsatanetsatane ndi Xenophon wa ku Athens, cha m'ma 400 BC. Unali wa maukonde. M'bandakucha wantchito ankatchera maukonde m'njira za kalulu, mlenje n'kupemphera kwa milungu Apollo ndi Artemis, kenako n'kumasula galu mmodzi wodziwa kununkhiza, ena n'kutsatira. Ntchito ya agalu inali kuvumbulutsa kalulu ndi kumuthamangitsira mu ukonde. Panguluwe zinkavuta. Mkondo wake unali ndi mano awiri otuluka m'mbali kuti nyama yolasidwa isapitirire mpaka kwa mlenje. Ndipo Xenophon analangiza kuti nguluwe ikakuphumitsa mkondo, dzigwetse chafufumimba ugwire zitsamba zolimba, chifukwa mano ake ndi opindikira m'mwamba ndipo singakunyamule uli chigonere, mpaka mnzako aikope ndi mkondo wake. Ananenanso poyera kuti agalu ambiri amafera pausaki umenewu.

Si onse ankalimba mtima chotero. Pliny wamng'ono analembera mnzake Tacitus kuti wagwira nguluwe zitatu, koma iye anangokhala pafupi ndi maukonde ali ndi cholembera m'manja. Ntchito anagwira ndi ena.

Panali mitundu yanji ya agalu?

Mayina ankatengera dera, ndipo tisawayese mitundu yolembedwa m'kaundula ngati ya masiku ano. Agalu a ku Laconia, dera la Sparta, anali owonda, onunkhiza bwino, a akalulu ndi agwape. A ku Molossia, kumpoto chakumadzulo kwa Greece, anali akuluakulu, olondera nyumba ndi ziweto komanso olimbana ndi zilombo. Chifanizo chamwala cha galu wotero, wokhala tsonga, chili ku British Museum. Kunalinso a ku Crete, a ku Umbria, ndi amene ankawatcha a ku India.

Amene anasintha usaki ndi vertragus wa Aselote, eni dziko la Gaul, galu wa miyendo yaitali ndi chifuwa chakuya, wosaka ndi maso ndi liwiro. Xenophon sanamudziwe. Arrian, Mgiriki wa ku Nicomedia amene anali bwanamkubwa wa Cappadocia m'nthawi ya mfumu Hadrian, analemba za galuyu zaka zoposa 500 pambuyo pake. Ndi galu wotere maukonde analibenso ntchito. Arrian anati mlenje weniweni satulutsa agalu kuti aphe kalulu, koma kuti aone liwiro, ndipo amakondwa kalulu akapulumuka. Kalankhulidwe ka munthu wokhuta kameneko. Za agalu ena a ku Gaul, otchedwa Segusii, anati ndi aubweya, osaoneka bwino, ndipo kulira kwawo kuli ngati kwa opemphetsa m'njira.

Agalu analinso malonda. Strabo, Mgiriki wolemba za maiko, potchula zimene Britain ankagulitsa kunja, anaika agalu osakira pamndandanda umodzi ndi tirigu, ng'ombe, golide, siliva, chitsulo, zikopa ndi akapolo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 300 AD, Symmachus, mmodzi wa akuluakulu a mu Roma, anathokoza polandira agalu asanu ndi awiri a ku Ireland, amene anadabwitsa anthu a mu Roma mpaka ena kuganiza kuti anabwera m'zikwere zachitsulo.

Kodi ankawakonda, kapena ankangowaona ngati zida?

Mverani za Horme, galu wa Arrian. Anali wa maso otuwa, ndipo mbuye wake akuti pa mphamvu zake anathanapo ndi akalulu anayi yekha. Arrian akapita kokachita masewera olimbitsa thupi, galuyo ankamuperekeza n'kukhala pambali kudikira. Pobwerera ankatsogola, n'kumacheuka kuti aone ngati mbuye sanapatuke. Pachakudya ankamukodola ndi phazi ili kenako linalo, kumukumbutsa kuti nayenso alipo. Ali kamwana anamenyedwapo ndi chikwapu, ndipo mpaka atakula, wina akangotchula chikwapu ankapita kwa wotchulayo n'kunyonyomala momuchonderera, osachoka mpaka aone kuti mkwiyo watha. Arrian anati sachita manyazi kulemba dzina la galu wakeyo kuti obwera m'mbuyo adzalidziwe.

Ku British Museum kulinso mwala wa pamanda a galu wotchedwa Margarita, wobadwira ku Gaul, woyera, wophunzitsidwa kuthamangitsa nyama m'mapiri, amene sanamangidwepo unyolo ndipo ankagona pamiyendo pa ambuye ake. Anafa pobereka. Pazithunzi za timiyala za ku Oudna ku Tunisia, agalu awiri osaka analembedwa ndi mayina awo, Ederatus ndi Mustela. Xenophon anapereka mayina 47 oyenera agalu, onse afupiafupi kuti asavute kuitana. Pa 13 August, tsiku la Diana, mulungu wamkazi wa usaki, agalu osakira ankavekedwa maluwa n'kupumitsidwa. Aselote ena, akutero Arrian, ankaponya kandalama m'bokosi la mulungu wa usaki pa nyama iliyonse yophedwa, ndipo pachaka ankagula nsembe n'kuchita phwando limene agalu ankadya nawo.

Koma anthu omwewa anali ndi mbali ina. Pliny wamkulu akusimba kuti chaka ndi chaka mu Roma ankapachika agalu amoyo pamtengo, kuwalanga chifukwa makolo awo sanauwe pamene ankhondo a ku Gaul ankakwera phiri la Capitol usiku cha m'ma 390 BC. Amene anadzutsa alonda tsikulo anali atsekwe. Ndipo ku Pompeii kuli chifanizo cha pulasitala cha galu amene anafa atapindika, kolala ili m'khosi, atasiyidwa chimangire phulusa likugwa.

Ankawadyetsa chiyani, nanga ankawaveka chiyani?

Nyama sinali chakudya cha tsiku ndi tsiku. Ankadya buledi wa balere kapena wa tirigu woviikidwa mumkaka, madzi otsala popanga tchizi, ndi msuzi wa mafupa. Varro, wolemba za ulimi wachiroma, anachenjeza abusa kuti asalole galu kudya nkhosa yakufa, kuopa kuti angazolowere kukoma kwake. Iyeyo anafotokozanso kolala yachikopa yokhomedwa misomali, yokutidwa ndi kachikopa kofewa m'kati, yoteteza khosi la galu ku mano a mmbulu. Wolemba za ulimi wina, Columella, anati galu wa mbusa akhale woyera kuti asamusokoneze ndi mmbulu m'chisisira, ndipo wolondera nyumba akhale wakuda kuti wakuba asamuone usiku. Ankakhulupiriranso kuti kudula mchira wa kagalu ka masiku 40 kumateteza chiwewe, chimene si choona.

Ndinamva kuti agalu anakokapo galeta mu Roma. Zoona?

Wolemba mbiri Cassius Dio akutero. M'nthawi ya mfumu Nero eni matimu a akavalo anayamba matama, kukana kuthamanga pokhapokha atalipidwa zambiri. Nduna ina yokonza masewera, Aulus Fabricius, inaphunzitsa agalu kukoka magaleta n'kuwalowetsa m'bwalo m'malo mwa akavalo. Oyera ndi Ofiira anagonja pomwepo. Obiriwira ndi Abuluu anaumabe khosi mpaka Nero mwini anaika mphotho.

Kodi aliyense wokhala ndi ngolo ankayenda nayo mumzinda?

Ayi. Lamulo la m'nthawi ya Julius Caesar linaletsa ngolo m'misewu ya Roma kuyambira kutuluka kwa dzuwa mpaka chakumadzulo, kupatula zonyamula zomangira akachisi, zochotsa zinyalala, za ansembe pamasiku a miyambo, ndi za perete. Kale kuposa apo, lamulo la Oppius la mu 215 BC linaletsa amayi kukwera ngolo mumzinda ngati si pamwambo wachipembedzo, ndipo linachotsedwa mu 195 BC amayiwo atadzaza m'misewu kudandaula. Choncho mkuwa wonyezimira uja unkaonekera kwambiri kunja kwa mzinda, pamisewu yopita kuminda.

Ndaona chidutswa chotere chikugulitsidwa pa intaneti. N'chenicheni?

Chikhoza kukhala chenicheni koma chakuba, kapena chogulitsidwa mwalamulo koma chabodza, kapena chakale ndithu koma chosachokera pagaleta. Ogulitsa amakonda kutchula galeta chifukwa limakweza mtengo, pamene kagalu kamkuwa kokhala ndi chibowo kangakhalenso ka pampando, pabedi, panyale kapena pachigwiriro cha kiyi. Chidutswa chikazulidwa m'nthaka popanda kulemba pamene chinali ndi zimene zinali pambali pake, umboni wa ntchito yake umatayika.

Zabodza zimadziwika ndi kubiriwira kofanana paliponse kapena kosendeka ngati penti, timabowo ta thovu, ndi mzere wa chikombole umene sunapalidwe. Pa zenizeni, malo odutsa lamba amakhala operepeseka. Mukaona ufa wobiriwira motuwa ukutuluka pamkuwa wakale, ndiye kuti mchere wa m'kati ukuudya. Musaukweche kapena kuutsuka, usungeni pouma n'kufunsa katswiri.

Za malamulo, ku Italy zofukulidwa m'nthaka zakhala za boma kuyambira 1909, ndipo apolisi a Carabinieri ali ndi nthambi yolondola zakale zobedwa kuyambira 1969. Chaka cha 1970, cha pangano la bungwe la UNESCO loletsa kuzembetsa zinthu zakale, ndicho chimene nyumba zambiri zosungira zakale zimayezera: wogulitsa asonyeze mapepala akuti chinthucho chinatuluka m'dziko lake chakacho chisanafike, kapena chinatuluka ndi chilolezo. Bulgaria yavutika kwambiri ndi okumba mitumbira usiku.

Mikangano yake imatenga nthawi. Galeta la ku Monteleone di Spoleto, la Aetruska, anthu akale a ku Italy, la zaka za m'ma 500 BC, lokutidwa ndi mkuwa wozokotedwa nkhani za Achilles, analipeza ndi mlimi wina mu 1902 akukumba pamalo pake. Linadutsa m'manja mwa ogulitsa angapo, ndipo mu 1903, lamulo lija lisanabwere, linagulidwa ndi Metropolitan Museum ku New York. Anthu a ku Monteleone akhala akupempha kuti libwerere. Lenilenilo likadali ku New York, ndipo m'tauni yawo muli longofanizira.